Notsi zonse ndimaloweza koma Chemistry ndikulakwabe, kodi ndingoisiya?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina wa Fomu 3 amene amaphunzira pa sukulu yoyendera ya CDSS kufupi ndi Luchenza. Anapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Nkhani yake ndi iyi: Biology ndi Geography amakhoza bwinobwino, ndipo ali ku Fomu 1 ndi 2 Chemistry sinkamuvuta. Koma chilowereni Fomu 3, makamaka atafika pa mutu wa mole (muyeso wowerengera maatomu ndi tinthu tina tating'onoting'ono), zinthu zasokonekera. Notsi amaloweza mpaka usiku, kope lonse ali nalo m'mutu, koma akangoona funso pa mayeso mutu umaima. Pasukulu pawo palibe labu, moti burette, kachubu kagalasi kodonthezera madzi moyeza, anangoiona pa chithunzi. Amafuna kudzakhala namwino. Akufunsa ngati kuli bwino angoisiya Chemistry n'kulimbikira maphunziro amene akumuyendera.

Mlongo wanga, usaisiye. Ndipo usadzinamize kuti mutu wako ndi wouma, chifukwa munthu amene amaloweza kope lathunthu mutu wake ndi wabwino. Chimene chakupweteka ndi kulowezako. Kunakuthandiza ku Fomu 1 pamene mafunso anali oti tchula zitsulo zitatu, fotokoza mmene ungalekanitsire mchere ndi mchenga. Mafunso a mole si otero ayi. Mphunzitsi akasintha nambala imodzi, kapena akachotsa sodium n'kuikapo magnesium, zimene unaloweza zija zilibenso ntchito.

Ndisanapitirire, tseka kope, tenga pepala ulembe formula ya magnesium chloride ndi ya aluminium oxide. Ngati wayamba kuyang'ana kudenga kuti ukumbukire mmene zinkaonekera pa bolodi, ndiye kuti dzenje lako silili pa mole. Lili kumbuyo, pa valency, kutanthauza chiwerengero cha ma electron amene atomu imataya, kulandira kapena kugawana ndi inzake, ndipo n'komwe uyenera kubwerera kaye ngakhale anzako akuthamangira kutsogolo.

Periodic table yonse ili ndi ma element 118, koma iwe ofunika kuwagwira ndi manja awiri ndi 20 oyambirira, kuchokera pa hydrogen mpaka calcium. Amenewa okha ndiwo ndikuloleza kuloweza, motsatana kwake. Zina zonse zimachokera pamenepo. Sodium ndi wa nambala 11, ndiye ma electron ake amakhala 2, 8, 1. Kamodzi kakunjako amakataya mosavuta. Chlorine ndi wa 17, ake ndi 2, 8, 7, akusowa imodzi yokha kuti akwanitse 8. Wina ali ndi yoti ataye, wina akufuna imodzi, n'chifukwa chake mchere wathu wa m'ndiwo ndi NaCl, mmodzi kwa mmodzi. Magnesium ndi 2, 8, 2. Akufuna kutaya awiri, koma chlorine mmodzi amangolandira imodzi, ndiye pafunika ma chlorine awiri: MgCl₂. Aluminium amataya atatu, oxygen amalandira awiri. Kuti pasatsale kanthu pafunika ma aluminium awiri opereka sikisi ndi ma oxygen atatu olandira sikisi yemweyo. Ndiye Al₂O₃. Waona kuti palibe chimene taloweza apa? Tangowerengera basi.

Al₂O₃ ameneyutu si wachilendo kwathu kuno. Ndi amene amapezeka mu bauxite, miyala imene amapangira aluminium, ndipo ili pamwamba pa phiri la Mulanje cha ku Lichenya. Inadziwika kalekale m'zaka za m'ma 1920. Aluminium ndi oxygen zimagwirana zolimba kwambiri, moti pozilekanitsa amagwiritsa ntchito magetsi ochuluka zedi. Mukadzafika pa mutu wa electrolysis udzakumbukire phiri limene umaliona m'mawa uliwonse popita kusukulu.

Tsopano mole. Ophunzira ambiri amaiopa chifukwa amaiyamba ndi chinambala choopsa chija cha Avogadro, 6.02 × 10²³, ndipo amaganiza kuti nkhani yonse ndi imeneyo. Taganizira amayi othyola tiyi m'maesiteti. Palibe kalaliki amene amawerenga masamba limodzilimodzi. Dengu limapita pa sikelo, iye n'kulemba makilo. Maatomu nawo sungawawerenge, ndi ang'onoang'ono kwambiri, ndiye timawawerenga powayeza kulemera. Ubwino wake ndi woti maatomu a element imodzi timadziwa kulemera kwake, choncho sikelo imatiuza chiwerengero chenicheni. Magalamu 12 a carbon ndi mole imodzi. Magalamu 18 a madzi, amene ndi supuni yaikulu imodzi ndi pang'ono, ndi mole imodzinso. Kulemera n'kosiyana, koma chiwerengero cha tinthu timene tilimo n'chimodzimodzi.

Tiyeni tiziyese pa chinthu chimene chimapezeka pafupifupi pakhomo lililonse nthawi ya dzinja, thumba la urea. Formula yake ndi CO(NH₂)₂. Carbon mmodzi, 12. Oxygen mmodzi, 16. Nitrogen awiri, 14 kuchulukitsa ndi 2, ndi 28. Hydrogen anayi, 4. Kuphatikiza zonse tikupeza 60, kutanthauza kuti mole imodzi ya urea imalemera magalamu 60. Pa 60 ameneyo, 28 ndi nitrogen, amene ndiye chimanga chimafuna. Gawa 28 ndi 60, uchulukitse ndi 100, upeza 46.7. Kenako pita ukaone zimene zalembedwa pa thumbalo. Upeza 46% N. Nambala imeneyo sanailote a kufakitale, yachokera m'masamu amene wangochitawa. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50, nitrogen weniweni ndi makilogalamu 23, ndipo ukafuna kudziwa ma mole a urea amene alimo, sandutsa makilowo akhale magalamu 50,000 n'kugawa ndi 60. Ndi ma mole pafupifupi 833. Ine ndimaona kuti mutuwu ukanamayambira pa thumba la feteleza m'malo mwa dzina la Avogadro, ana ambiri a kumudzi sakanauthawa.

Pamene ambiri amagwera ndi pa ma equation. Manambala amene amakhala kutsogolo kwa formula amanena za ma mole, osati magalamu. Tenga kuotcha miyala ya laimu: CaCO₃ → CaO + CO₂. Mole imodzi ya mwalawo imapereka mole imodzi ya CaO, amene ndi laimu, ndi mole imodzi ya mpweya wa carbon dioxide. Mole ya CaCO₃ ndi magalamu 100, ya CaO ndi 56, ya CO₂ ndi 44, ndipo 56 kuphatikiza 44 akubwezera 100 uja, palibe chatayika. Akakufunsa kuti magalamu 25 a mwalawo apereka laimu wochuluka bwanji, usathamangire kusaka formula m'mutu. Sandutsa magalamu akhale ma mole: 25 kugawa ndi 100 ndi 0.25. Funsa equation: mmodzi kwa mmodzi, ndiye CaO nayenso ndi 0.25. Bwereranso ku magalamu: 0.25 kuchulukitsa ndi 56 ndi 14. Mafunso ambiri a mutu umenewu amayenda njira yomweyi, angosintha zovala. Nthawi zina m'malo mwa magalamu akupatsa mpweya, ndipo pamenepo mole imodzi imatenga 24 dm³ pa kutentha kwa m'chipinda, kapena 22.4 dm³ pa s.t.p. (standard temperature and pressure).

Kawerengedwe kako kasinthe. Chemistry sawerenga atagona pa mphasa kope lili kumaso. Khala ndi cholembera ndi pepala, ngakhale kuseri kwa kope lakale. Ona chitsanzo cha aphunzitsi, tseka, chita wekha, kenako yerekeza. Mafunso atatu patsiku ochita ndi dzanja lako amaposa maola awiri oloweza. Mapepala a mayeso akale a MANEB afunefune kwa aphunzitsi kapena kwa a Fomu 4. Ndipo nthawi zonse uzilemba njira yonse ndi ma unit ake, chifukwa ochonga amapereka malikisi pa njira ngakhale yankho lomaliza litaphonya. Ku study circle usamangomvera. Pempha choko, ufotokozere anzako m'Chichewa kapena m'Chilomwe mmene wapezera 46.7 uja. Pamene ukakamire pofotokoza ndi pamene sunamvetse.

Za labu ndikumva, ndipo sindikuuza kuti zilibe kanthu. N'zopweteka kuti mwana wa pa CDSS amalemba pepala limodzimodzi ndi mnzake amene wakhala akugwira zipangizo kuyambira Fomu 1. Koma mbali ina ya silabasi ili kale m'khitchini mwa amayi ako.

Tenga chidede chofiira chija, uchiviike m'madzi otentha mpaka madzi afiire, usefe. Thira madziwo m'makapu atatu oonekera mkati, kapena m'mabotolo apulasitiki odula pakati. M'kapu yoyamba finyiramo ndimu: kufiira kuwala kwambiri. Yachiwiri isiye momwemo kuti uziyerekezera. M'yachitatu thiramo chidulo, madzi aphulusa aja amene amaphikira therere, ndipo uona kufiira kukuthawa, madzi akuda n'kumapita kobiriwira. Wapanga indicator, chinthu chosintha mtundu posonyeza ngati pali asidi kapena base. Ndimu ndi asidi, chidulo ndi base chifukwa phulusa lili ndi potassium carbonate. Tsopano tenga kapu yobiriwirayo uzidonthezeramo ndimu, dontho limodzilimodzi, uku ukugwedeza. Pena pake uona timathovu ta carbon dioxide, ndipo pamapeto kufiira kubwerera. Kumeneko ndiye neutralisation, ndipo kudontheza modekha kudikira kuti mtundu usinthe ndi zomwezo zimene amachita pa titration. Chidulo chomwechi, pamodzi ndi soda, chimafewetsa ndiwo msanga koma chimaononga vitamini C. Poti ukufuna unamwino, imeneyo isunge.

Za dzimbiri n'zosavuta. Misomali itatu yatsopano, mabotolo atatu. Loyamba madzi wamba. Lachiwiri madzi owiritsa bwino kuti mpweya uchoke, n'kuthira mafuta ophikira pamwamba kuti usabwerere. Lachitatu madzi amchere. Ziike pawindo sabata imodzi, uzilemba zimene ukuona tsiku lililonse. Wa m'madzi owiritsa ukhala pafupifupi mmene unalili, chifukwa dzimbiri limafuna madzi ndi oxygen zonse pamodzi.

Ngati uli ndi wachibale wogwira ntchito mufakitale ya tiyi, mufunse chimene chimachitika masamba akaphwanyidwa. Amalowa obiriwira, pakapita kanthawi amasanduka ofiirira, kenako amawaumitsa ndi mpweya wotentha. Kusanduka kumeneko ndi oxidation: oxygen akugwirana ndi zinthu za m'tsambamo mothandizidwa ndi ma enzyme, ndipo kutentha kumaimitsa ntchitoyo isanapyole. Tiyi yemweyu amakonda nthaka ya asidi, ya pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, imene mbewu zina zambiri sizikondwa nayo.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikunena motsindika. Asidi wa m'batire ya galimoto ndi caustic soda usaziyandikire. Jik usamusakanize ndi viniga kapena ndimu, amatulutsa mpweya wa chlorine umene umapweteka mapapo. Za kunyumba zithere pa ndimu, soda, chidulo, mchere ndi misomali.

Koma burette ndi pipette (kachubu kotengera mlingo weniweni wa madzi) sizilowedwa m'malo ndi botolo lodula. Pepala la practical limafuna dzanja lozolowera. Gwirizanani ndi anzako, mupite kwa aphunzitsi anu mwaulemu, muwapemphe akambirane ndi sukulu ina ya mu cluster yanu imene ili ndi labu, kuti mukagwireko zipangizo ngakhale Loweruka limodzi pa teremu. Musadikire Fomu 4. Ukakafika kumeneko usakangoima kumbuyo n'kumaonerera anyamata akutsegula kampopi. Kagwire wekha. Diso likhale molunjika ndi pamene madzi alekezera, uwerenge pansi pa kukhota kwa madziwo. Ukaone ndi maso ako mmene phenolphthalein, indicator wa mu labu, amakhalira wa pinki mu base, n'kuzimiririka ndi dontho limodzi lomaliza la asidi. Dontho limenelo ukaliona kamodzi sudzaiwala.

Nanga za kuisiya. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe. Maphunziro azaumoyo amayang'ana ma credit a sayansi, masamu ndi Chingerezi, ndipo Biology yekha sangakunyamule. Ukasiya Chemistry lero ukhoza kudzitsekera wekha khomo la unamwino usanagogode n'komwe, ndipo watsekanso ena amene sunawaganizire. Yunivesite ya MUST ili ku Ndata m'boma lomweli la Thyolo, inatsegulidwa mu 2014, ndipo ina mwa maphunziro ake ndi chemical engineering. Ngakhale utadzasankha unamwino womwewo, kuwerengera mlingo wa mankhwala ndi kusungunula madzi a mchere ndi shuga a wodwala ndi masamu a concentration amene mukuphunzira chaka chino. Uli mu Fomu 3, nthawi yokweza 8 kufika pa 5 kapena 4 ilipo, bola ubwerere pa valency sabata ino.

Ntchito yako nayi. Feteleza wina amene alimi amamudziwa ndi sulphate of ammonia, (NH₄)₂SO₄. Sulphur ndi 32, ena onse manambala awo ndakupatsa kale pamwambapa. Peza kulemera kwa mole imodzi, kenako peza kuti nitrogen ndi maperesenti angati, ndipo unene kuti pakati pa iyeyu ndi urea, thumba la makilogalamu 50 lokhala ndi nitrogen wambiri ndi liti. Samala ndi 2 amene ali kunja kwa mabulaketi, amachulukitsa zonse zam'kati. Unditumizire njira yonse, osati yankho lokha.