Mawu a kutalika amene mudzawafune msanga ku Spain

Abale amene mwangofika kumene ku Spain, m'kalasi akuphunzitsani kale alto ndi bajo, chachitali ndi chachifupi. Awiriwa sakwanira, ndipo mudzaziona tsiku loyamba kusaka nyumba.

Pa malonda a lendi mupeza zolembedwa ngati "4º izquierda, sin ascensor". Apa akunena nsanjika yachinayi, khomo la kumanzere, chikepe mulibe. Pansi polowera ndi planta baja, kunsi kwa nthaka ndi sótano, pamwamba penipeni ndi ático. Chenjerani ndi nyumba zakale za ku Barcelona: zambiri zili ndi entresuelo komanso principal musanafike pa primero. Munthu amaganiza kuti akwera nsanjika imodzi, kenako n'kupezeka wakwera zitatu atasenza katundu wa kumsika. Musapereke ndalama musanakwere masitepewo nokha.

Amene mwapeza ntchito ya zomangamanga, mawu anu ndi trabajo en altura, ntchito ya pamwamba. Andamio ndi nsanja yoimapo omanga, escalera ndi makwerero, barandilla ndi chotchinga cha m'mbali, arnés ndi malamba ovala m'thupi omwe amakugwirani mukaterereka. Lamulo la kuno limati pamalo pomwe munthu angagwe kuchokera pamwamba pa mamita 2 pakhale chitetezo. Kapitawo, yemwe amamutcha encargado, akakuuzani kuti mukwere popanda zimenezi, kanani. Ndikudziwa kuti mlendo amaopa kuchotsedwa ntchito, koma ndalama ya tsiku limodzi sidzalipira msana wothyoka. Sube ndi baja, kwera ndi tsika, muzimve popanda kuganiza kawiri. Akakuuzani kuti "habla más alto", akungofuna mukweze mawu.

Kuchipatala adzakufunsani kuti "¿cuánto mide?" Apa akufunsa kutalika kwanu. Mafiti ndi mainchi sawagwiritsa ntchito kuno, ngati ndinu wamtali mita 1 ndi masentimita 70 yankhani kuti uno setenta basi, ndipo pa fomu kutalika kwanu ndi estatura.

Manambala nawo amalembedwa mosiyana. Pomwe ife timalemba 2.10, iwo amalemba 2,10. Oyendetsa galimoto zonyamula katundu, chikwangwani cha altura máxima 2,10 m (malire a kutalika kwa galimoto yololedwa kulowa) pakhomo la malo oimika magalimoto chiwerengeni musanalowe. Kasitomala akati ali "a la altura del número 40", sali m'mwamba ayi, ali pafupi ndi nyumba nambala 40 mumsewu womwewo.

Kukwera kwa malo kuchokera pa nyanja yamchere ndi altitud. Mawuwa amagwira ntchito nyengo yozizira, a zanyengo akamalengeza cota de nieve, kutanthauza mamita amene chipale chofewa chiyambire kugwa. Madrid ili pa mamita pafupifupi 650, m'munsi mwa Lilongwe yomwe imapitirira 1,000, komabe mu Januwale 2021 chipale cha mphepo ya Filomena chinatseka misewu ya mzindawu. Dziwani altitud ya kumene mukukhala ndi ya msewu wanu wa kuntchito. Akati cota ya mawa ndi 600, mudzuke m'mamawa mufunse kaye ngati mabasi akuyenda.