Mwafunsa: Nyama zili kale ndi nkhalango yawo, njira ina ndi ya chiyani?

Funso: Ndimaphunzitsa ku sekondale. Wophunzira wina anandifunsa chifukwa chomwe akatswiri amalimbikira kusiya njira zodutsamo nyama pakati pa nkhalango zotetezedwa, chonsecho nyamazo zinapatsidwa kale malo awo, alonda aliponso. Kodi kumeneku si kulanda minda ya anthu chabe? Ndinasowa chomuyankha.
Mphunzitsi wa sekondale

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo wafunsa zanzeru. Vuto ndi loti malire a nkhalango amalembedwa ndi anthu pa mapu, ndipo njovu sidziwa mapu. Madzi akaphwa kuno, imatsata kumene makolo ake ankamwera, kaya pakati pamangidwa msewu kapena palimidwa chimanga.

Koma choopsa kwambiri sichioneka msanga. Nyama zikatsekeredwa malo amodzi zimakwerana pachibale, mbewu yake n'kumafooka. Ku Florida, m'dziko la America, nyama ya mtundu wa amphaka akuluakulu yotchedwa Florida panther inatsala yosapitirira 30 chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ana ake ankabadwa ndi michira yopindika, ena ndi matenda a mtima. Mu 1995 akatswiri anachita kutenga zazikazi 8 za mtundu womwewo ku Texas kuti magazi asakanikirane, ndipo chiwerengero chinayamba kukwera. Ntchito imene anagwira anthu pamenepo, njira yotseguka ikanaigwira yokha.

N'chifukwa chake bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, pa ndondomeko yake ya anthu ndi chilengedwe yomwe inayamba mu 1971, silifuna nkhalango yongotchingidwa basi. Dera lililonse lomwe lavomerezedwa limagawidwa patatu: pakatikati posakhudzidwa, pozungulira pomwe pamaloledwa ntchito zochepa monga kafukufuku, ndi kunja komwe anthu amakhala, kulima ndi kuchita malonda. Njira za nyama nthawi zambiri zimadutsa kunjako, ndipo mikangano imabukira komweko.

Chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ndi cha ku phiri la Mount Kenya, lomwe UNESCO inalivomereza mu 1978. Njovu za kumeneko zinali zitadulidwa ku nkhalango ya Ngare Ndare chifukwa cha minda ndi msewu waukulu wochoka ku Nanyuki kupita ku Meru. Eni minda ikuluikulu anapereka malo, pakatsegulidwa njira ya makilomita pafupifupi 14, yotchingidwa ndi mpanda wamagetsi mbali zonse kuti njovu zisapatukire m'minda. Pofika pa msewu anaboola pansi, magalimoto akudutsa pamwamba, njovu pansi. Ambiri ankati chinyama chochenjera chotere sichingalowe m'mphanga ya simenti. Ogwira ntchito anamwaza ndowe za njovu polowera kuti fungo lizilimbitse mtima, ndipo kumayambiriro kwa 2011 njovu zinayamba kudutsa. Zindikirani kuti mpanda uja ukuteteza mlimi, osati njovu yokha.

Tsono pa nkhani yolanda malo, sindikubisirani: zimachitika. Ku India, m'dera lotetezedwa la Nilgiri, khoti lalikulu la dzikolo mu 2020 linagamula mokomera njira ya njovu ya ku Sigur, ndipo malo ogona alendo omwe anamangidwa m'njiramo anauzidwa kuchoka. Eni mahotela amenewo sindiwamvera chisoni kwenikweni. Koma mlimi wa kamunda kamodzi ndi nkhani ina. Iye akachotsedwa osafunsidwa, osapatsidwa chipukuta misozi, mawa lake adula waya wa mpanda n'kutchera misampha, ndipo njirayo isanduka pophera nyama. Muwauzenso ophunzira anu kuti njira siisankha wodutsa: matenda, moto wolusa ndi zomera zowononga zimadzeranso momwemo, choncho pamafunika anthu oiyang'anira chaka ndi chaka, ndipo oyenera kulembedwa ntchitoyo poyamba ndi omwe minda yawo yachita malire ndi njirayo.