Madipatimenti apempha zinthu 23, ndalama zikukwanira zinayi: musankha bwanji?

Mayi wina wa ku Mufakose mu Harare, ku Zimbabwe, amene amagwira ntchito mu ofesi ya mapulani pa khonsolo ina, watilembera imelo. Akuti madipatimenti atumiza zofuna 23 za chaka chamawa, aliyense akuti chake ndiye chachangu, ndipo abwana akufuna mndandanda wa zoyenera kutsogola. Akufunsa ngati pali njira yosankhira imene angaiteteze pamaso pa makhansala.

Ilipo mayi, koma mndandandawo muyambe mwauika pambali. Pitani kaye kwa msungichuma mukafunse ndalama zimene zinalowadi m'zaka zitatu zapitazi, osati zimene zinalembedwa pa mabilu. Mapulani ambiri amafera pomwepa, chifukwa amakonzedwa ngati nyumba iliyonse idzalipira mareti (msonkho wa khonsolo) ndi madzi. Pa zolowadizo chotsanipo malipiro, magetsi, mankhwala oyeretsera madzi, ngongole, ndi ntchito zimene kontilakitala ali kale pamalo. Chotsalacho ndicho mukugawa, ndipo nthawi zambiri chimachititsa manyazi kuchepa kwake.

Ndalama za devolution, zimene boma limapereka ku zigawo ndi makhonsolo, muziwerenge padera. Gawo 301 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati zigawo ndi makhonsolo azilandira zosachepera 5 peresenti ya ndalama za boma, koma zimabwera pang'onopang'ono ndipo zimachedwa. Muziike pa ntchito imene ikhoza kuima pakati osawonongeka, osati pa denga la kiliniki mvula ili pafupi. Komanso poti mapampu ndi mankhwala amagulidwa ndi madola pomwe ZiG, ndalama ya dziko lino imene inayamba mu Epulo 2024, imasinthasintha mphamvu, lembani mtengo wosinthira umene mwagwiritsa ntchito.

Tsopano bwererani ku zofuna zija. Pa chilichonse funsani kuti chikadikira chaka chimodzi, avulale ndani? Ofesi yatsopano ikachedwa, anthu amangopanikizana. Paipi ya suweji ikachedwa, nkhani yake ndi ina. Kolera ya 2018 inakula ku Glen View ndi Budiriro mu Harare, kumene suweji yophulika inkalowa m'madzi a zitsime ndi mijigo, ndipo ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno.

Funso limene ambiri amalumpha ndi lakuti, kodi ntchito iyi ikachitika, ipeputsa zina ziti? Harare yemweyu akutiphunzitsa. Mzindawu uli kumtunda kwa madzi amene umamwa. Zotuluka ku malo oyeretsera suweji a Firle zimatsata mtsinje wa Mukuvisi, za ku malo a Crowborough zimatsata mtsinje wa Marimba, zonse n'kuthera mu Lake Chivero, momwe malo oyeretsera madzi akumwa a Morton Jaffray amatunga. Suweji ikapanda kuyeretsedwa bwino, madzi amafuna mankhwala ambiri, ndalama zokonzera mapaipi n'kuthera komweko, mipopi n'kuuma, anthu n'kusiya kulipira. Papepala, dipatimenti ya suweji ndi ya madzi zimaoneka ngati zikulimbirana ndalama, chikhalirecho ntchito ya mmodzi ikutsitsa bilu ya mnzake. Jambulani mivi pa bolodi kuonetsa chimene chikudalira chinzake. Chimene mivi yambiri ikuchokerako, chikwezeni, ngakhale chilibe riboni yoti nduna idzadule.

Kenako onani ngati chingagulidwedi m'chakacho. Lamulo logulira katundu wa boma, limene bungwe loona zogula za boma la PRAZ limayang'anira, limafuna pulani ya zogula ya chaka chonse, ndipo tenda imadya miyezi. Ngati palibe zojambula za injiniya, malo sanapezeke, kapena chilolezo cha bungwe loona zachilengedwe la EMA sichinatuluke, chaka chino lembani zokonzekera zokhazo. Kumanga kudikire.

Za kupereka mapointi samalani. Mukauza akuluakulu a madipatimenti kuti apereke 1 mpaka 5, chilichonse chipeza 5. Mpatseni aliyense mapointi 10 okha oti agawe, ndipo asaike pa za dipatimenti yake. Zimene zatsala pamwamba muziyerekeze ziwiriziwiri: ndalama zitakwanira chimodzi chokha, mutenga chiti? Imani pa zinayi, zikachuluka zisanu. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Adzakuuzani kuti chilichonse chigwirizane ndi masomphenya a boma a Vision 2030 komanso ndondomeko ya chitukuko ya dziko. N'zoona, fomu imafuna zimenezo. Koma ndondomeko ya chitukuko ya NDS1 ya 2021 mpaka 2025 inali ndi mitu 14, yotakata moti ngakhale galimoto ya abwana ikhoza kupezamo malo. Sankhani kaye, kulumikizako kubwere pambuyo.

Pepala lofunika kwambiri ndi la zimene simuchita. Zotsala 19 zija muzilembe, chilichonse ndi chifukwa chake m'mzere umodzi, ndipo zilowe m'maminitsi a khonsolo. Popanda pepalali zimabwerera mwakachetechete pakati pa chaka, ndalama n'kuyamba kusunthidwa. Makhansala adzafuna kuti wodi iliyonse ilaweko. Ndi bwino kupatula kathumba kochepa ka tintchito ta m'mawodi kusiyana n'kuduladula ntchito yaikulu kuti aliyense aone ngalande kwawo, mapeto ake palibe paipi yofika kumene imapita.

Pa zinayi zosankhidwazo, chilichonse chikhale ndi mwini mmodzi wotchulidwa udindo, osati komiti, komanso muyeso umodzi woti wokhala mu wodi angautsutse. "Mapaipi ogulidwa" si muyeso. Lembani maola amene madzi amatuluka pa sabata, kapena masiku amene suweji yophulika imatha isanakonzedwe, ndipo yezani lero kuti mudziwe pomwe mukuyambira. Muziunika miyezi itatu iliyonse. Gwirizananinso panopa, mitima isanatenthe, kuti ndalama zolowa zikatsika ndi 20 peresenti, choyamba kuimitsidwa ndi chiti, chachiwiri ndi chiti. Pa misonkhano ya bajeti m'maholo a m'mawodi mupite ndi mapepala onse awiri, la zochita ndi la zosiya, ndipo mitengo ikhale pambali pa chilichonse.