Onani madeti kaye musanalipire, ife zinativuta ku Bacharach

Sisi ndangoona mwatchula zotenga mayi anu pa sitima yapamadzi ya pa mtsinje wa Rhine mu December mtima wanga wachita kudumpha, ndi yomweyo tinakwera ife yochoka Amsterdam kukathera ku Basel, ndinatenga mayi anga atabwera kudzandiona kuno ku Leeds. Tinanyamuka pa 27 chifukwa ejenti amene anatigulitsa matikiti anati yotchipa ndi imeneyo komanso misika ya Khirisimasi mukaipeza yonse ili mkati. Bodza lamkunkhuniza. Ku Rüdesheim, tauni ina ya ku Germany, msika umatha pa 23, ife tinakapeza timashedi totseka ena akuphwasula, mayi anangondiyang'ana osayankhula kanthu.

Kenako nkhani ya madzi imene palibe amakuuza. Mvula inagwa sabata yonse mtsinje unadzadza, ndiye madzi akafika mlingo winawake amaletsa sitima kuyenda, tinangokhala pa Koblenz masiku awiri, paja mtsinje wa Moselle umathira mu Rhine. Chonsecho mbali imene munthu umalipirira ndalama zonsezo imayambira pomwepo mpaka ku Bingen, mapiri, minda ya mpesa, nyumba za mafumu akale, mpake UNESCO inaika chigwa chimenechi m'ndandanda wake mu 2002. Ife anatikweza basi m'malo mwa sitima, tinaonera pawindo lochita nthunzi. Pa Kaub pali nyumba yamiyala pakati penipeni pa mtsinje, Pfalzgrafenstein, anaimanga m'ma 1320 kuti azidula msonkho mabwato odutsa, ndinkafunitsitsa kuiona pafupi koma dalaivala sanachepetse ndi liwiro lomwe.

Tsiku lachiwiri anatitsitsa ku Bacharach cha m'ma 3 masana akuti muli ndi ola ndi theka. Kumeneko December hafu 4 kwayamba kale kuda. Mayi anati tikwere masitepe tikaone tchalitchi chogumuka chili pamwamba pa tauni, Wernerkapelle, makoma ofiira opanda denga, tinakwera bwinobwino koma pobwerera miyala inali itanyowa, ndinangomva mayo mwana wanga, kucheuka ali pansi atakhalira mkono. Sisi mkono unapindika ndikuona ndi maso angawa. Ndinaimba nambala ya wotitsogolera uja kasanu osayankha, mashopu onse otseka, msewu wonse zii palibe ndi galu yemwe, mayi akunjenjemera mano akuchita kugundana ine ndavula jekete langa ndawafunditsa, Chijeremani sindidziwa, foni yatsala 9 peresenti. Basi inapita osatiwerenga nkomwe. Anatithandiza ndi agogo ena achizungu amene anasuzumira pawindo, anatuluka ndi bulangeti nkuimba 112, anakhala pansi pamiyala yozizirayo atawagwira mayi dzanja linalo mpaka ambulansi inafika. Dzina lawo sindinafunse, mpaka lero zimandiwawa.

Kuchipatala anaika pulasitala, chimene chinatipulumutsa ndi inshuwalansi ija amakakamiza popanga viza ya Schengen, imene imayenera kukwanitsa bilu yachipatala ya 30,000 euro, ndinkadandaula poigula koma ikanapanda iyo kaya. Taxi yobwerera ku Koblenz usiku ndinalipira ndekha. Kufika pasitima wotitsogolera uja akumwa tiyi, akuti munachedwa ndinu. Munthu wake wathyoka mkono iwe ukuti munachedwa?? Kampani inandiyankha patapita milungu itatu kuti kudzadza kwa madzi sivuto lawo zinalembedwa mu timalemba ting'onoting'ono tija. Ejenti uja ndiye osanena, mnzathu ndithu timapemphera naye, mameseji amawerenga koma kuyankha ayi, komishoni anadya.

Ndiye ine ndinene kuti ndi munthu wamkulu musayerekeze ulendo umenewu nthawi yozizira. Koma ngati mtima uli pomwepo pitani sabata yoyamba kapena yachiwiri ya December misika ikadali yotsegula, nsapato zikhale za mphira wokhuthala osati zoterera, magolovesi, pawa banki mthumba, ndipo Lamulungu mashopu ku Germany satsegula. Mukagula Glühwein, vinyo wotentha wa m'misikamo, kapu ija amadula dipoziti mukabweza amakubwezerani. Viza yambani msanga, kukhala ndi mapepala a UK sikutanthauza kuti pasipoti yathu ilowa Germany. Mwinanso kwerani sitima ya pamtunda basi, njanji imatsata mtsinje womwewo imaima pa Boppard, St. Goar, Bacharach, mumatsika nthawi yanu palibe wokuthamangitsani.

Komatu mayi anuwo musawasiye, atengeni. Anga ali ku Dedza pano mkono unapola, chithunzi cha nyumba yakale yamatabwa ya ku Bacharach yotchedwa Altes Haus anachiika pa WhatsApp ndipo akuti ndikasunga ndalama tibwerere akawapeze agogo aja awapatse chitenje.