Pitani kunyanja, Mayi, ndi kwanu komwe

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Iye ndi bambo akunyumba asungako kandalama kuti apite ndi ana kunyanja ya kuno kumpoto, koma akuopa kuti malo amenewa ndi a azungu. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa mantha amenewo inenso ndinakula nawo.

Ndakulira mu Mzuzu muno. Nkhata Bay ili pamphuno pomwepa, makilomita pafupifupi 50, koma ife nyanja tinkaidziwa ndi usipa wa mumsika basi. Ambiri amene ndinaphunzira nawo akalamba osaviikapo phazi m'madzi amenewo. Nditayamba ntchito ndinakwera minibasi, kutsika mapiri aja, kudutsa pa Mpamba, mpaka mphepo yotentha inayamba kulowa pazenera. Pageti pa loji ina mlonda anandiimitsa n'kufunsa kuti ndikufuna ndani. Azungu awiri anadutsa pambali panga osafunsidwa kanthu. Ndalama ndinali nazo m'thumba, koma ndinabwerera mtima ukuwawa, n'kukagona pa resiti hausi ya mtauni.

Lero sindingabwererenso. Padoko la Nkhata Bay pomwepo, pa 3 Malichi 1959, asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu amene ankafuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Chaka chilichonse timawakumbukira. Ndiye mdzukulu wa dziko lino azichita manyazi kuponda mchenga wa pagombe la Chikale? Ayi ndithu. Loji imene ikuyang'ana Mmalawi ndi diso lokayikira musaipatse ngakhale tambala.

Komanso Nkhata Bay si mathero. Tsatani msewu wa M5 kulowera kumwera, mudutse m'mitengo ya labala ya ku Vizara, kumene ana amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wake, mufike ku Chintheche ndi ku Kande. Mchenga wake ndi woyera mbee. Chapafupi pali Bandawe, kumene mmishonale Robert Laws ndi anzake anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894 pothawa malungo. Tchalitchi chakale ndi manda a amishonale zilipobe. Ana anu akaone, zimenezi amangoziwerenga kusukulu. Mukakumana ndi malipenga a Atonga, imani muonere. Amuna ovala zoyera zosita bwino, kuvina mwaulemu ngati ali paperete.

Koma pano ndikalipireko ife a m'tauni. Timapita ndi galimoto yodzaza zakudya za m'sitolo, kutsegula nyimbo usiku wonse, kujambula amayi akuchapa osawapempha, kenaka kusiya mabotolo pamchenga. M'mudzimo osasiyamo ndalama. Gombe limene inu mukuti ndi malo opumira, eni ake amaanikapo usipa, amasokerapo makoka a chilimira, amatungapo madzi. Perekani moni. Dzukani m'mamawa mukagule nsomba za batala kwa asodzi mabwato akamakocheza, ndipo musanenerere mpaka munthu aluze. Idyani kondowole kwa mayi wa pamsika, ana aphunzire kuti nsima si ya chimanga yokha.

Zoti mukonzekere

Miyezi ya Juni ndi Julaye mwera umavuta, nyanja imakalipa. Kuyambira Sepitembala madzi amadekha ngakhale kumatentha. Imbani foni musananyamuke, mufunse mtengo wa Amalawi m'makwacha. Tengani neti ya udzudzu. Ana asasambe m'mabango kapena pamathiriro a mitsinje, muli likodzo ndi ng'ona, ndipo mukabwerako kayezetseni kuchipatala. Ngati mtima ukufuna Usisya, Ruarwe kapena Likoma, kwerani sitima ya Ilala, koma tsiku lake mukafunse padoko ndipo musiye tsiku lina lapadera, chifukwa imachedwa nthawi zina.