Re: Nkhani ya matenda a amayi tiyiyamba bwanji?

Achemwali pepani ndi matendawa. Mwafunsa kuti mungawafunse bwanji amayi komwe akufuna kusamalidwa osaoneka ngati mukuwafunira imfa. Musayambe nokha, itanani amalume anu, mwini mbumba, apo bii mawa adzabwera ndi zawo pakhale phokoso. Afunseni amayiwo akadali ndi mphamvu zoyankhula, akufuna kuchipatala kapena pakhomo, aziwadikirira usiku ndani, nanga tsikulo likadzafika akagone kumudzi kapena mtauni momwemuno, paja thiransipoti ya maliro si masewera. Ngati muli ku Blantyre pitani ku Tiyanjane, kiliniki yosamalira odwala matenda osachiritsika ku Queens, amapereka morphine wakumwa woti ululu uchepe ngakhale ali kunyumba. Za nyumba ndi munda alembe wilo, mboni ziwiri zisayine, koma zisakhale zoti zidzalandirapo kanthu.