Funsani Aphunzitsi: Aneni a Chisipanishi Andigwetsa Mphwayi

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa ku Mtendere. Ndinamaliza Giredi 12 ndipo ndikulakalaka kukaphunzira udokotala ku Cuba mwayi ukadzapezeka. Ndayamba kuphunzira Chisipanishi pafoni. Moni ndi mayina a zinthu zikulowa bwino, koma nditafika pa aneni ndagwa mphwayi. Mneni mmodzi yekha, hablar (kulankhula), ali ndi tebulo lodzaza tsamba lonse, ndipo pali china chake chotchedwa subjuntivo chimene sindikuchimvetsa n'komwe. Kodi zonsezi n'zoloweza pamtima? Ndiyambire pati?

YANKHO: Mwana wanga, tebulolo lakuopsa chifukwa ukuliyang'ana ndi maso a Chingerezi. M'Chingerezi mneni sasintha kwenikweni, ndiye munthu amene anazolowera zimenezo akaona mawu amodzi akusandulika kambirimbiri amangogwira mutu. Koma iwe chibadwire ukulankhula chinenero chimene mneni wake amasintha kuposa wa Chisipanishi. Tayesa kulemba kulankhula m'njira zake zonse: ndikulankhula, unalankhula, tinkalankhula, adzalankhula, mukadalankhula, asalankhule, sanalankhulebe. Tsamba limodzi silingakukwanire, komabe palibe tsiku limene unakhala pansi kuloweza zimenezi. Choncho ukamaphunzira aneni, Chingerezi uchiike kaye pambali. Chisipanishi uzichiyerekeza ndi Chichewa mwachindunji, ndipo uona kuti zambiri ukuzidziwa kale.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti ife mneni timamusintha kumutu, iwo kumchira. Mu ndinalankhula, ndi- akutiuza amene wachita, -na- akutiuza nthawi, ndipo lankhula wangokhala osagwedezeka. Mu hablé, tsinde habl- ndi limene limayamba, ndipo kalembo kamodzi komalizako kanyamula zonse ziwiri, wochita ndi nthawi. Khutu lako linazolowera kutchera kumayambiriro kwa mawu. Tsopano uliphunzitse kudikira kumapeto. Chilembo h sachitchula, ndiye uziti ablar.

Aneni onse a Chisipanishi ali m'magulu atatu: othera -ar, othera -er ndi othera -ir. Gulu la -ar ndi limene lili ndi aneni ambiri, n'chifukwa chake mabuku amayambira pa hablar. Ukachotsa -ar n'kuika michira ya nthawi ya tsopano umapeza hablo (ndimalankhula), hablas (umalankhula), habla (amalankhula, munthu mmodzi), hablamos (timalankhula), habláis (mumalankhula) ndi hablan (amalankhula, anthu ambiri). Michira yomweyi uiike pa tomar, kumwa kapena kutenga, pa trabajar, kugwira ntchito, pa comprar, kugula, pa lavar, kuchapa, ndipo yonse ikwana. Comer, kudya, amangoika e pamene panali a: como, comes, come, comemos, coméis, comen. Vivir, kukhala, amafanana ndi comer kupatula pawiri pokha, vivimos ndi vivís.

Usamayambe chiganizo chilichonse ndi yo. Kunena yo hablo kuli ngati kunena ine ndimalankhula, pamene ukutsindika kuti ndiwe osati wina. Nthawi zonse hablo yekha akwanira. Pa ulemu mpamene tasiyana pang'ono. Ife wamkulu timamuchulukitsa, timati inu mumalankhula. Iwo amati usted habla, kugwiritsa ntchito mchira wa munthu amene akukambidwa. Komabe si zachilendo kwenikweni, chifukwa kwathu kum'mawa umamva munthu akupereka moni kwa wamkulu amene ali naye maso ndi maso kuti "Ali bwanji?" Wodwala wachikulire uzidzamulankhula choncho, ndi usted.

Nthawi yakale ndi imene imavutitsa anthu amene amadziwa Chingerezi chokha, ndipo mabuku awo amathera masamba ambiri pamenepa. Iwe suyenera kuvutika. Chisipanishi chili ndi nthawi zakale ziwiri zikuluzikulu, ndipo zimagwirizana bwino ndi -na- ndi -nka- wathu. Chinthu chimene chinachitika n'kutha, cha -na-, chimati hablé, hablaste, habló, hablamos, hablasteis, hablaron. Chimene chinkachitika kawirikawiri kapena chinali m'kati mochitika, cha -nka-, chimati hablaba, hablabas, hablaba, hablábamos, hablabais, hablaban. M'Chinyanja cha m'tauni muno mu Lusaka ndi kusiyana komwe kuli pakati pa ninakamba ndi nenze kukamba. Taona chiganizo ichi: Hablaba con mi madre cuando llamó el médico. Ndinkalankhula ndi mayi anga pamene dokotala anaimba foni. Kucheza ndi mayi kunali m'kati, foni inangolowerera kamodzi. Ukakayikira, masulira m'Chichewa chamumtima n'kumvetsera ngati pakamwa pako patuluka -na- kapena -nka-. Nthawi zambiri yankho likhala lomwelo. Kwa dokotala kusiyana kumeneku si kwa mayeso okha. Wodwala amene akuti tomé la pastilla anamwa piritsi kamodzi, pamene wonena kuti tomaba la pastilla ankamwa masiku onse. Comer ndi vivir apa amayendera limodzi: comí, comiste, comió, comimos, comisteis, comieron, ndipo ya -nka- ndi comía, comías, comía, comíamos, comíais, comían. Nthawi ya -nka- imeneyi ndi yokoma mtima kwambiri, chifukwa m'chinenero chonse aneni atatu okha ndi amene satsatira lamulo lake: ser (kukhala), ir (kupita) ndi ver (kuona).

Ndalankhula ndi he hablado, ndadya ndi he comido. Kamneni kothandizako ndi kamene kamasintha (he, has, ha, hemos, habéis, han), winayo sasuntha. Ku Madrid uimva kwambiri pa zinthu zochitika lero, pamene ku Cuba ndi ku Mexico ambiri amangoti hablé.

Zam'tsogolo sizifuna nthawi yaitali. Suchotsa kanthu, umangowonjezera pa mneni yense wathunthu: hablaré, hablarás, hablará, hablaremos, hablaréis, hablarán, ndipo michira yake ndi yomweyo m'magulu onse atatu. Pocheza anthu amakonda voy a hablar (ndilankhula), ndipo iwenso ungayambire pamenepo. Ukaika -ía pa mneni wathunthu umapeza hablaría, amene ali pafupi ndi bwenzi ndikulankhula kapena ndikadalankhula.

Tsopano subjuntivo amene wakuopsayo. Ine ndimasangalala kwambiri ndikafika pamenepa ndi ophunzira, chifukwa ndi pamene zinenero ziwirizi zimafanana modabwitsa, ngakhale kuti palibe ubale pakati pawo. Tamvera zimene umachita wekha. Ukamanena zimene zikuchitikadi umati amalankhula, kuthera a. Ukamanena zimene ukufuna, ukupempha kapena ukuletsa, a amasanduka e: ndikufuna kuti ulankhule, tilankhule, usalankhule. Chisipanishi nachonso habla chimamusandutsa hable: hable, hables, hable, hablemos, habléis, hablen. Quiero que hables ndi ndikufuna kuti ulankhule. Hablemos ndi tilankhule. Para que hable ndi kuti alankhule. Ngakhale polamula timayenda njira imodzi. Kwa mnzako timati lankhula, iwo habla, koma poletsa timati usalankhule, iwonso no hables, tonse kusinthira ku e. Kwa wamkulu amati hable, monga mmene ife timafewetsera mawu ponena kuti mulankhule. Aneni a -er ndi -ir, poti e ali naye kale, amangotembenuza n'kutenga a: come amakhala coma, vive amakhala viva.

Koma kufanana kumeneku kusakupusitse, kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene uyenera kuwaphunzira mwakhama. Ife timatha kunena kuti ndikufuna ndilankhule. Iwo ayi. Ngati wofuna ndi wochita ali munthu mmodzi, amangoti quiero hablar. Kwinanso iwo amapitirira pamene ife timalekera. Ukadzalankhula ndi dokotala ndi cuando hables con el médico, chifukwa chinthucho sichinachitike. Sindikukhulupirira kuti amalankhula ndi no creo que hable, chifukwa pali chikayiko. Ndasangalala kuti umalankhula Chisipanishi ndi me alegra que hables español, chifukwa ukunena mmene mtima wako ukumvera. M'malo atatu onsewa Chichewa sichisintha a kukhala e, ndiye apa khutu lako silikuthandiza. Subjuntivo alinso ndi nthawi yakale, hablara kapena hablase, imene imayenda ndi si, kutanthauza ngati: si hablara español, trabajaría en La Habana, ndikanakhala wolankhula Chisipanishi, bwenzi ndikugwira ntchito ku Havana. Imeneyi uisiyire kumapeto.

Chimene ndikudera nacho nkhawa kwambiri si tebulo koma pakamwa. Ife mawu alionse timawakoka pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Mawu ambiri a Chisipanishi amayendanso motero, ndipo zimenezi zimatithandiza, koma michira ina ya aneni imafuna kuti mphamvu igwere kumapeto kwenikweni, ndipo kamzere ka pamwamba pa chilembo ndi kamene kamakuchenjeza. Hablo ndi ndimalankhula, habló ndi analankhula. Hable ndi alankhule, hablé ndi ndinalankhula. Lilime lathu likasiyidwa lokha limatchula awiriwa mofanana. Taganiza uli m'wodi, ukufuna kuuza namwino kuti wodwala anamwa mankhwala, tomó, koma pakamwa patuluka tomo, ndimamwa. Choncho tebulo usamaliwerenge chamumtima. Uzilitchula mokweza, ndipo pa michira ya kamzere uziomba m'manja. Uzisamalanso r ndi l, amene ife timawasinthanitsa osaona vuto. Kwa iwo pero ndi koma, pelo ndi tsitsi, ndipo mu hablaré muli onse awiri.

Dongosolo limene ndingakupatse ndi ili. Gwira hablar yekha mpaka nthawi ya tsopano, ya -na- ndi ya -nka- zizituluka usanaganize, kenako comer ndi vivir. M'basi yochoka ku Mtendere kupita m'tauni uzipanga ziganizo za zimene ukuona: mayi uyo vende (amagulitsa) tomato, dzulo vendió, kale vendía. Udziwenso kuti aneni amene uziwafuna tsiku lililonse, monga ser, estar (kukhala pamalo), ir, tener (kukhala ndi chinthu) ndi hacer (kuchita), satsatira malamulowa mokwanira, ndipo amenewo ndi oloweza ndithu, mmodzimmodzi.

Poti cholinga chako ndi Cuba, habláis, hablasteis ndi anzake onse a vosotros (inu wouza anzako ambiri) ungowadziwa ukawaona, koma usataye nawo nthawi, chifukwa kumeneko kwa anthu ambiri amati ustedes hablan. Anthu a ku Cuba amamezanso s womaliza, moti hablas amamveka ngati habla, ndipo nthawi zambiri amaika tú (iwe) kuti udziwe amene akunenedwa. Usachitenso mantha kuti ukafika uyenera kukhala utadziwa zonse. Ku Escuela Latinoamericana de Medicina, sukulu ya udokotala imene inatsegulidwa mu 1999 ku Havana, ophunzira osadziwa chinenerochi amayamba ndi maphunziro a Chisipanishi. Zimene ukuchita panopa zidzakupeputsira chaka choyambacho.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine bambo wa ku Chilenje. Mwana wanga wamkazi amasewera mpira ndipo amalota zokasewera ku Spain. Buku limene ndinamugulira linasindikizidwa ku Mexico, ndipo mnzanga wina akuti m'tebulo lake mukusowa mzere umodzi. Kodi ndinataya ndalama?

YANKHO: Bambo, simunataye ndalama, ndipo loto la mwanayo si lachabe. Barbra Banda anasewerera timu ya Logroño ya ku Spain kuyambira mu 2018, ndipo Racheal Kundananji anasewerera matimu a komweko a Eibar ndi Madrid CFF asanapite ku America mu 2024. Mzere umene ukusowawo ndi wa vosotros, inu wouza anzako ambiri popanda za ulemu. Ku Mexico saugwiritsa ntchito, koma m'madera ambiri a Spain umamveka tsiku lililonse, makamaka pabwalo. Muuzeni aulembe yekha ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba: habláis, coméis, vivís pa nthawi ya tsopano, hablasteis ndi comisteis pa yakale. Chofunika kwambiri kwa wampira ndi kalamulidwe kake, ndipo n'kosavuta: r womaliza amasanduka d. Correr, kuthamanga, amakhala corred, thamangani. Pasar amakhala pasad, patsiranani mpira. Kochi akamaletsa adzati no corráis, no paséis. Akadzamva mnzake wa ku Argentina akunena hablás kapena comés, mphamvu ili kumapeto, asaganize kuti walakwitsa. Umenewo ndi mchira wa vos, amene kwawo amalowa m'malo mwa tú, ndipo mwana wanu akhoza kumuyankha ndi tú wa m'buku lakelo n'kumvana bwinobwino.